NJIRA IMODZI NDI CINGWE CA M'KHOSI: MAU KWA ANTHU A ZAMTENGATENGA MU LIVINGSTONE

Pansipa tasindikiza mau onse amene mkulu wina wa ofesi yofalitsa nkhani za Boma analankhula pa msonkhano wa pacaka wa eni malole, akulu a njanji ndi maejenti oombola katundu pa malire, umene unacitikira mu mzinda wa Livingstone.



 Msonkhano wanu ucitika kamodzi pa caka, ndipo anthu ambiri kunjaku akamva kuti a zamtengatenga asonkhana ku Livingstone aganiza kuti mwabwera kudzaona mathithi ndi kudya nyama ya m'mahotela. Musawakwiyire anthu amenewo. Iwo saona nchito yanu cifukwa nchito yanu ikayenda bwino siioneka. Mcere upezeka m'sitolo, feteleza afika mvula isanagwe, mankhwala ali m'cipatala, ndipo palibe afunsa kuti zinthuzo zinadzera kuti. Inu mukumbukika tsiku limene zinthuzo zasowa. Tsono ine ndabwera kudzakumbutsa inu, ndiponso onse amene adzawerenga mau awa, za masiku amene zinthu zinasowadi m'dziko muno, pakuti pali acinyamata ambiri m'cipinda cino amene anabadwa masikuwo atapita.

Dziko la Zambia lilibe nyanja ya mcere. Tazingidwa ndi maiko 8, ndipo tani iriyonse ya mkuwa imene tigulitsa kunja, ngakhale botolo lirilonse la mafuta limene tigula, liyenera kupita pakhomo pa mnansi. Mzinda uno ndiwo unali khomo loyamba. Njanji yocokera kumwera inafika pa mathithi m'caka ca 1904, ndipo ulalo umene ena a inu mwaolokapo pobwera kuno unatsegulidwa mu Seputembala 1905. Zitsulo zace zinasulidwa ku Darlington, ku England, ndi kampani ya Cleveland Bridge. Utali wace ndi mamita 198, ndipo ulenjekeka mamita 128 pamwamba pa madzi a Zambezi. Cecil Rhodes, amene anaufuna, anamwalira mu 1902 asanauone. Njanji inapitirira mpaka ku Kabwe, kumene panthawiyo kunali kuchedwa Broken Hill, mu 1906, ndi kufika pa malire a Congo mu 1909. Livingstone anakhala likulu la dziko kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene likulu linasamukira ku Lusaka.

Atsamunda sanamange njanji imeneyo kuti munthu wa ku Mongu akaceze ndi mbale wace ku Chipata. Anaimanga kuti miyala ya mtengo wapatali ituluke ndi kuti malasha a ku Wankie, kumene lero ndi ku Hwange, afike ku migodi. Motero pamene tinalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, tinalandira dziko lokhala ndi khomo limodzi lalikulu, ndipo makiyi a khomolo anali m'thumba la anthu ena.

Zotsatira zace sizinacedwe. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wace wakuba ku Rhodesia. Pasanathe milungu yambiri mafuta analeka kubwera kucokera kumwera, ndipo Boma linayamba kugawa petulo mwa muyeso. Ndeke za ku Britain, Canada ndi America zinanyamula mafuta m'migolo kudzatula ku Lusaka ndi ku migodi. Taganizani, mafuta kuyenda pa ndeke! Ndeke yeni-yeniyo inali kumwa mafuta ambiri kuti ibweretse mafuta. Otsalawo anayenda pa mseu wa ku Dar es Salaam, umene panthawiyo unali wa dothi, ndipo oyendetsa malole anaupatsa dzina la Cingelezi lakuti Hell Run cifukwa ca matope, maenje ndi imfa zimene anakumana nazo. Ambiri a iwo anatsikira kuli cete m'mbali mwa mseu umenewo, ndipo maina ao sanalembedwe pa cipilala ciriconse. Amenewo ndiwo makolo a nchito yanu.

Boma la a Kenneth Kaunda, mothandizana ndi a Julius Nyerere a ku Tanzania, linayamba kuboola makomo atsopano. Kampani ya malole ya Zambia-Tanzania Road Services inakhazikitsidwa mu 1966. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatha mu 1968. Mgodi wa malasha unatsegulidwa ku Maamba, m'cigawo cino ca Kumwera, kuti tisadalirenso Wankie. Ndipo pamene maiko a azungu anakana kupereka ndalama za njanji ya kumpoto, akuti siidzapindula, dziko la China linabvomera ndi kupereka ngongole yopanda ciongola dzanja. Nchito ya TAZARA inayamba mu 1970, njanji ya makilomita 1,860 inafika pa Kapiri Mposhi mu 1975, ndipo inaperekedwa m'manja mwa maiko awiriwa mu 1976.

Njanjiyo isanathe, mu Januwale 1973, Smith anatseka malire ace ndi Zambia. Patapita milungu yocepa anafuna kutsegulanso, ataona kuti njanji yace yomwe iri kutaya ndalama, koma a Kaunda anakana. Ulalo wathu uwu unakhala ngati mpanda. Mu Ogasiti 1975 njanji ya Benguela yopita ku doko la Lobito inatsekeka cifukwa ca nkhondo ya ku Angola. M'mwezi womwewo ngolo ya sitima inaimikidwa pakati peni-peni pa ulalo uno, ndipo m'menemo munakhala Smith ndi atsogoleri a omenyera ufulu wa Zimbabwe, a Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa ali pomwepo. Zokambiranazo sizinabale kanthu, koma ndiganiza kuti palibe ngolo ina ya sitima imene inanyamulapo katundu wolemera cotero.

Apa pali cinthu cimene tiyenera kucinena mosabisa, pakuti ndico phata la nkhani yanga. Katundu yense atatembenukira ku Dar es Salaam, doko linadzaza, ngolo zinacepa, ndipo mkuwa unaunjikana. Mu 1978 feteleza anakanika kufika, mvula iri pafupi. Mu Okutobala caka cimeneco a Kaunda anatsegulanso njira ya njanji ya kumwera, kupyola m'dziko la mdani yemweyo, kuti alimi asabzale cimanga ca njala. Sicinali cinthu cokoma kwa mtsogoleri amene anaima nji zaka zisanu. Koma ciphunzitso cace ndi ici: njira imodzi ndi cingwe ca m'khosi, ngakhale njirayo ipite kwa bwenzi. Adani anadziwa zimenezi bwino lomwe. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia anamiza pontuni ya pa Kazungula, ndipo mu Okutobala caka comweco anaphulitsa ulalo wa njanji pa mtsinje wa Chambeshi. Sanali kulimbana ndi zitsulo. Anafuna kuti dziko lonse lileke kupuma.

Ndico cifukwa cace pamene maiko 9 anakumana mu Lusaka pa 1 Epulo 1980 ndi kukhazikitsa bungwe la SADCC, limene pambuyo pace linasanduka SADC, nkhani ya zamtengatenga anaiika patsogolo pa zonse.

Tsopano tiyeni tione pamene tafika. Ulalo wa Katima Mulilo unatsegulidwa mu 2004, ndipo unatipatsa njira ya ku Walvis Bay. Pa Chirundu, mu Disembala 2009, panatsegulidwa malire oimapo kamodzi, oyamba a mtundu umenewo mu Africa, pamene a kasitomu a maiko awiri agwirira nchito pamodzi. Njanji ya Chipata–Mchinji inatsegulidwa mu 2010, kulunjika ku doko la Nacala, ndipo malire oimapo kamodzi a Mwami ndi Mchinji anatsegulidwa mu 2022. Pa 10 Meyi 2021 a Edgar Lungu ndi a Mokgweetsi Masisi a ku Botswana anatsegula ulalo wa Kazungula, wa mamita 923, umene unadya ndalama pafupi-fupi madola 259 miliyoni a ku America. Inu amene munali kugona pa mzere wa Kazungula masiku angapo, kuyembekeza pontuni yonyamula lole imodzi kapena awiri, simufuna kuti wina akuuzeni phindu la ulalowo. Mukumbukiranso caka ca 2003, pamene pontuni inagubuduzika ndi lole yolemera mopyola muyeso, anthu 18 namira. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA inayamba kunyamula dizilo yoyengedwa kale. Caka comweco Boma la a Hakainde Hichilema linasaina nao cikalata ca njira ya Lobito, ndipo mu 2025 Zambia, Tanzania ndi kampani ya ku China anasaina pangano lokonzanso TAZARA.

Makomo tsono alipo. Mu Juni 2015 nthumwi za maiko opanda nyanja zinasonkhana mu mzinda uno pansi pa bungwe la United Nations, ndipo mau amene anamveka kwambiri masiku amenewo ndi akuti dziko lokhala pakati likhoza kukhala mphambano ya malonda. Mauwo ndi oona. Koma mphambano ipindula ngati anthu apitapo msanga, ndipo pamenepa ndi pamene ndifuna kulankhula nanu monga anthu a m'nyumba imodzi.

Lole ikaima pa malire tsiku limodzi, mwini wace alipira woyendetsa, alipira inshuwalansi, alipira ngongole ya ku banki, ngakhale mawilo sanazungulire. Ndalama imeneyo iye saitaya. Aiika pa mtengo wa ulendo, wamalonda aiika pa mtengo wa thumba, ndipo potsiriza ailipira ndi mai wa ku Chama kapena ku Shang'ombo amene agula sopo mmodzi. Mai ameneyo sanaonepo Kazungula, koma alipira tsiku lirilonse limene inu mwacedwa pamenepo. Nanga cimene ciimika malole lero nciani? Nthawi zina ndi makina a kompyuta amene aleka kugwira nchito, kapena maofesi ambiri a Boma amene aliyense afuna kuona katundu yemweyo payekha. Zimenezo ndi za ife a Boma, ndipo muli ndi ufulu wonse wotifunsa. Koma nthawi zinanso, anzanga, ndi mapepala anu. Bungwe la Zambia Revenue Authority lilola kuti mapepala a katundu alowe mu kompyuta lole isanafike pa malire. Ejenti amene ayamba kufuna-funa mapepala lole itaima kale pa cipata atseka njira ya anzace onse a kumbuyo. Ndipo ejenti amene alemba mtengo wonama kuti msonkho ucepe acititsa kuti a kasitomu akayikire aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, ndi kutsitsa katundu amene akanapita osatsegulidwa.

Za ziphuphu ndinena mwacidule. Dzanja lolandira silingalandire popanda dzanja lopereka, ndipo manja onse awiriwo adziwana maina. Mwini lole amene apatsa woyendetsa ndalama "za panjira" adziwa bwino kumene ndalamazo zipita.

Nkhani imene ndifuna kukhalapo pang'ono ndi ya kulemetsa malole. Malire a kulemera kwa lole yaikulu pamodzi ndi katundu wace ndi matani 56, ndipo ekiselo iriyonse, ndiko kuti citsulo cogwira mawilo, iri ndi muyeso wace. Ena aganiza kuti kuonjeza matani pang'ono kuononga mseu pang'ono. Akatswiri a miseu ku America anayesa zimenezi pakati pa 1958 ndi 1960, poyendetsa malole usana ndi usiku pa miseu yoyesera, ndipo anapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu kuwirikiza pafupi-fupi ka 16. Ndiko kunena kuti lole imodzi yolemetsedwa idya mseu monga malole ambiri oyenda mwa lamulo. Mwini wace apindula ulendo umodzi, koma maenje atsala, ndipo mawa maenje omwewo athyola masipuling'i a lole yace ndi a malole a anzace. Inu amene muyenda mseu wa Livingstone kupita ku Sesheke mwaona zimene mseu ukhala ukatha. Sikelo ya pa mseu si mdani wanu ai. Munthu wozemba sikelo usiku, kudzera m'tinjira ta m'midzi, akubera inu amene mulipira pa zipata za msonkho wa mseu.

Ndipo katundu sadzacepa. M'caka ca 2024 migodi yathu inatulutsa matani a mkuwa opitirira 800,000, ndipo Boma linaika colinga ca matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngati lole imodzi inyamula matani 30, matani 3 miliyoni afuna maulendo 100,000 pa caka, ndiko kuti malole oposa 270 tsiku ndi tsiku, a mkuwa wokha-wokha. Sitinawerenge salifa ndi mafuta opita ku migodi, sitinawerenge katundu wa ku Congo wopyola m'dziko muno, sitinawerenge cimanga, shuga ndi simenti. Kodi ndi mseu uti umene udzapirira zimenezo?

Yankho lace ndi njanji, ndipo ndidziwa kuti eni malole ena sakonda kumva mau amenewa. Njanji yathu inaperekedwa kwa kampani yapadera mu 2003, ndipo Boma la a Michael Sata linaitenganso mu 2012 itafooka kwambiri. Mu 2018 Boma linatulutsa lamulo lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, shuga, simenti, salifa ndi mafuta, aziyenda pa njanji. Lamulo lingalamule katundu kukwera sitima, koma silingalamule sitima kufika pa nthawi yace. Wamalonda amene katundu wace wacedwa milungu pa njanji adzabwerera ku lole, ndipo palibe angamunene. Motero akulu a njanji amene muli muno, cikhulupiriro ca amalonda mudzacipeza ndi mawilo oyenda. Inunso eni malole musaone sitima ngati mkazi mnzanu wa pa mitala. Sitima siifika pa khomo la mgodi uliwonse kapena pa depoti ya mlimi ku Lundazi. Katundu akacuruka pa njanji, maulendo afupi-afupi opita ndi kucokera ku masiteshoni adzacurukanso, ndipo amenewo ndi anu.

Ndibwere tsopano pa colinga ceni-ceni ca msonkhano uno, cimene ndi kudziwana. Pa miseu yathu tiona malole ambiri akubwerera opanda kanthu. Lole yatula feteleza ku Chipata, ibwerera ku Lusaka iri gwa, pamene wamalonda wina mu Chipata momwemo ali kusowa comunyamulira soya. Anthu awiriwo sadziwana, ndipo dizilo yapsa pacabe. Mutu umodzi susenza denga. Mwini malole atatu sangalandire nchito ya mgodi yofuna malole 50, koma anthu khumi otere atagwirizana, ndi kulemba pangano lao bwino-bwino, angailandire. Tidandaula kawiri-kawiri kuti makampani akunja atenga katundu wa m'dziko muno. Dandaulolo liri ndi cifukwa, koma wa mgodi afuna munthu mmodzi womuyankha katundu akasowa, afuna inshuwalansi yokwanira, afuna kudziwa pamene lole iri usiku uno. Zinthu zimenezi zitheka anthu akaphatikiza mphamvu. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo mu 2014 lokhazikitsa Zambia Chartered Institute of Logistics and Transport, kuti nchito yanu ikhale ndi maphunziro ndi mwambo monga nchito ya madokotala ndi owerengera ndalama. Tumizani acinyamata anu akaphunzire. Ndipo pa nthawi ya tiyi musakhale ndi anzanu a masiku onse okha-okha. Wa njanji akhale ndi wa malole, ejenti wa pa Nakonde adziwane ndi wa pa Kazungula, wa ku Walvis Bay amve mabvuto a wa ku Kasumbalesa.

Pali munthu mmodzi amene sindimuona bwino m'cipinda cino, ndiye woyendetsa lole. Iye ali pa mzere pa malire pamene ife tiri muno, aphika nsima pansi pa lole, asamba m'cigubu, ndipo banja lace aliona mwina kamodzi pa mwezi. Mu 2020, pamene matenda a COVID-19 anatseka anthu m'nyumba, iye sanaleke kuyenda, ngakhale kuti m'malo ambiri anthu anali kumuthawa ngati ndiye mwini matendawo. Mu 2024, a Hichilema atalengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cakudya cinafika m'maboma a njala pa msana pa munthu yemweyo. Woyendetsa amene salipidwa pa nthawi yace ndiye agulitsa dizilo panjira. Woyendetsa amene mwini lole amuumiriza kufika m'mawa ndiye aodzera pa ciongolero ndi kupha anthu a m'basi. Ndipempha a Wakumpando ndi komiti yao kuti pa msonkhano wa caka ca mawa oimira oyendetsa malole apatsidwe mipando kutsogolo kuno ndi nthawi yolankhula.

Pempho langa lina ndi lakuti mfundo zimene mudzamanga musazitsekere m'kabati. Lembani zinthu zimene zikucedwetsani pa malire aliwonse, dzina la malire, ofesi imene icedwetsa, ndi maola amene mutaya, ndipo zimenezo muzipereke ku Unduna wa Zamtengatenga ndi kwa a kasitomu. Dandaulo lakuti "pa malire pabvuta" palibe angalikonze, koma pepala lonena kuti pa cipata cakuti, ofesi yakuti itseka nthawi yakuti, liri ndi mwini woliyankha. Ofesi yathu ya nkhani idzafalitsa mfundo zanuzo pa wailesi ndi m'nyuzipepala m'zilankhulo za dziko lino, kuti mlimi ndi wogula adziwe cimene munalonjeza, ndipo caka ca mawa tidzabwera nalo pepalalo kudzawerenga pamaso panu zimene zacitika ndi zimene zatsala.